Funso la Zahra pa za fulasiki

A Mapopa, mphunzitsi wa sayansi ku Lifuwu, anathira tiyi wotentha m'kapu, m'botolo lotseka ndi m'fulasiki. Anafotokozera ana kuti kapu imataya nthunzi ndi kutentha komwe, botolo limangotaya kutentha, koma fulasiki siitaya kanthu.

Zahra, mtsikana wa Fomu 3, anakweza mkono. "Koma aphunzitsi, tiyi wa bambo anga amazizira ndithu m'fulasiki akakhalitsa panyanja."

Anzake anaseka. A Mapopa, poopa manyazi, anamukalipira: "Iwe, lemba zimene ndanena!"

Mumtima ankadziwa kuti mwanayo akunena zoona, palibe chiwiya chosunga kutentha mpaka kalekale. Ankangoti amupepesa mawa, mpaka teremu inatha. Kenaka makolo a Zahra anasamukira naye ku Chipoka, ndipo a Mapopa sanamuonenso.