Botolo Limodzi, Pakamwa Pawiri

"Mankhwala mukumwa bwanji, mayi?"

Namwino anafunsa akupukuta m'manja. Telala anali atakhala pampando wapulasitiki, dzanja lili pamimba yake imene inali itayamba kukoka diresi lomwe anasoka yekha.

"Ndikumwa bwinobwino, anamwino."

"Bwinobwino wake uti? Zotsatira za magazi anu zabwera. Ulendo watha tizilombo tinachepa mpaka makina osationa. Pano tachulukanso. Kachilombo ka HIV sikadzuka kokha, pali chimene chakadzutsa."

Telala anayang'ana pawindo. Kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi geti la chipatalacho, kunali kachipinda kometera tsitsi ka mwamuna wake. Anthu ankamutcha Lumo, ndipo dzinalo silinachokere pantchito yokha. Iye ndi makasitomala ake ankaswera pabenchi n'kumaona olowa khomo la mankhwala otalikitsa moyo. "Uyo akukathira mayunitsi," Lumo ankatero, benchi yonse n'kufa nazo. Mumsewu womwewo kale munali mizere ya okhoma mabokosi a maliro, nyundo zikulira kuyambira m'mawa. Tsopano munadzaza ogulitsa mafoni. Maliro anthu anawaiwala msanga, koma chitonzo anachisunga ngati katundu wa makolo.

Chimene benchi ija sinkadziwa n'choti Lumo nayenso anali nako kachilomboko. Ankakatenga mankhwala ake kuchipatala china, kutali kumapeto kwa tauni, mpaka tsiku lina anakumana ndi kasitomala wake pamzere. Anapereka moni, nanamizira kuti akufuna chimbudzi, osabwererakonso. Ake atatha anayamba kubwereka a mkazi wake. "Kamodzi kokha, ndibweza." Kamodziko kanabala anzake. Mapeto ake anagwirizana zoti lero amwe mkazi, mawa amwe mwamuna, kuti botolo lifike tsiku lokatenga lina. Telala sanaone cholakwika kwenikweni. Moyo wake wonse, nsalu ikachepa ankangochepetsa msoko, chovala n'kutuluka ndithu.

"Mayi, ndikulankhula nanu."

"Ndikumva."

"Sindikufuna kukukalipirani. Ndikufuna ndidziwe chokonza. Mumaiwala? Amakusanzitsani? Kapena wina wakuuzani kuti mwachira?"

Mwana anagunda m'mimba.

"Timagawana ndi bambo akunyumba."

Namwino sanadzidzimuke. Anakoka mpando n'kukhala pafupi, ngati munthu amene nkhani yotereyi anaimvapo kale.

"Ndiye mwadzipatsa theka, mwawapatsa theka, palibe amene wakhuta. Mvetserani. Mankhwalawa sapha kachilombo, amangokapanikiza kuti kasaswane. Tsiku lomwe mwadumpha kamapuma, kamaswana, ndipo kamaphunzira kuwazemba. Kakazolowera, mankhwala omwewa amasanduka chabe. Chitetezo chikagwa ndiye matenda aliwonse amalowa ngati m'nyumba yopanda chitseko. Edzi imene mumamva ija ndi imeneyo. Simunafikeko, ndipo palibe chifukwa choti mufikeko."

"Nanga mwanayu?"

Mawuwo anatuluka aang'ono, ngati a munthu wina.

"Tizilombo tikachuluka m'magazi mwanu, mpata woti timufikire umakula, makamaka pobereka ndi poyamwitsa. Tikachepa mpaka osaoneka, mpatawo umachepa kwambiri. Nthawi ilipo, koma si yambiri. Kuyambira lero, tsiku lililonse, osadumpha. Tidzakuyezaninso musanabereke, ndipo akabadwa naye tidzamupatsa ake omuteteza."

"Ndiye kuti sanatenge?"

"Sindingakulonjezeni zimene sindinaone. Chimene ndinganene n'choti botolo ili ndi la anthu awiri kale, inu ndi ali m'mimbayu. Wachitatu malo ake palibe. Bambowo abwere, tiwayeze, tiwapatse awo. Ndili pano mpaka masana."

Telala anatuluka. Pageti anaima kudikira galimoto zidutse. M'mutu mwake munkazungulira chinthu chimodzi: masiku onse amene anapereka piritsi lake kwa mwamuna wamkulu wandevu, iye atayasama kukamwa ngati mwana wa mbalame. Ankati akusunga banja. Anawoloka.

Pabenchi panali amuna awiri, wina wokonza njinga zamoto, wina mlonda wapasitolo. Lumo anali kumeta wachitatu, makina akulira m'dzanja.

"Alamu afika," anatero wokonza njinga. "Kusikelo kwatha bwanji? Akuti ndi mnyamata, kapena tiyambe kuweta agalu olondera mtsikana?"

"Akuti ndi munthu," anayankha Telala.

Anaseka onse. Lumo anaseka nawo, koma maso ake anakumana ndi a mkazi wake pagalasi, ndipo chiseko chinamuthera. Anamaliza kumeta mofulumira, nasasa thaulo. Amuna aja anaona okha kuti mphepo yasintha, ndipo mmodzimmodzi anakumbukira ntchito zimene anazisiya.

"Chavuta n'chiyani?" Lumo anafunsa chapansipansi.

"Tizilombo tachuluka. Ndawauza zoona."

"Wawauza? Anamwino amenewa ndimawametera ana awo."

"Ndiye akudziwani kale, simuvutika kudzifotokoza."

Lumo anayamba kutsuka zipeso zimene zinali zoyera kale.

"Iwe, bongololo sadzolera mafuta pagulu. Ndilowe khomo limene lija ine? Mawa benchi iyi idzakhala ikudya ine. Ndipatse nthawi, ndipeze chipatala china."

"Mwakhala mukuchipeza kuyambira mimba isanaoneke. Pakadafunda padajiwitsa galu, bambo."

"Chabwino, ndipita sabata yamawa. Ungondigawirako a masiku ochepawa."

Pamenepo m'pamene Telala ankaopa. Mawu amenewo, onenedwa mofatsa choncho, ndi amene ankamugonjetsa nthawi zonse. Mwamunayu sanali nkhanza. Ankamutengera madzi osamba, ankamusisita mapazi akatupa. Anangokhala munthu amene anakumba dzenje ndi lilime lake, ndiye ankafuna kuti ena agonemo naye. Telala anagwira chikwama chake mwamphamvu, botolo likumveka kulimba m'kati.

"Ngakhale limodzi sindikupatsani."

"Ndiye ukufuna ndife?"

"Ndikadafuna mufe ndikadapitiriza kukugawirani. Akuti theka limangokaphunzitsa kachilombo. Takhala tikukalera tonse awiri, ndipo wolipira ndi uyu amene sanasekepo munthu pabenchi."

Lumo anayang'ana mimbayo, kenaka kunja. Kutsidya, mayi wina wachikulire ankatuluka pakhomo lija akuika botolo lake m'thumba poyera, akucheza ndi mnzake za mtengo wa sopo. Palibe amene anatembenuka kumuyang'ana.

"Akakandipeza kuti mankhwala anasiya kugwira?" anafunsa.

"Sindikudziwa. Akatiuza konko."

Telala anakhala pabenchi, mpando wa oseka anzawo, n'kuika chikwama pamiyendo. Sankadziwa chimene akanachita mwamunayo akanakana, ndiponso sankadziwa ngati kwa mwanayo sikunali kuchedwa kale.

Pakhomo panafika bambo wina wa tayi, akusisita tsitsi lake.

"Pali mzere, akulu?"

Lumo anatsegula pakamwa, koma mkazi wake anamutsogolera.

"Atseka kaye, bambo. Akundiperekeza kuchipatala."

"Ndibwere nthawi yanji?"

Lumo anaika chipeso pansi, nazula waya wa makina kukhoma, n'kuyamba kumasula epuloni. Mfundo yake inamuvuta.

"Mubwere madzulo," anatero. "Sindikudziwa kuti mzere wakumeneko ndi wautali bwanji."