Mankhwala a Njoka m'Kula ya Mafilizi

Mphiri inaluma mwana wanga Pempho kumunda wa thonje, ine ndili pamsika wa Ngabu kugulitsa mafilizi. Mlamu wanga anabwera naye kumsana, mwendo ataumanga ndi nsanza. Ndinakwera naye kabaza, kula, kabokosi kosungira mafilizi, ili m'khwapa, poti ndikanasiyira ndani?

Pachipatala chathu chaching'ono, anesi, a Lilian, anayamba ndi kumasula nsanza ija.

"Wamanga chonchi ndani?"

"Mlamu wanga."

"Mukawauze azimanga mbuzi, osati ana."

Sanandibisire. Mankhwala opha ululu wa njoka analibe, ndipo ambulansi inali itapita ku Chikwawa ndi mayi wapakati. Phazi la Pempho linali likutupa ndikuona.

A Lilian anaimbira a Sebastiano, a kubungwe la zipatala za kuno kuchigwa. Bungwelo linalunzanitsa zipatala za mishoni, za makampani ndi zina zing'onozing'ono kuti chimodzi chikasowa kanthu, chinzake chizithandiza. Foni anaiika pokweza.

"Alipo kuchipatala cha kampani ya nzimbe," anatero a Sebastiano.

"Kumeneko amalandira antchito awo okha," ndinalowerera.

"Akuyankhulawo ndani?"

"Mayi ake a mwanayo," anayankha a Lilian.

"Mayi, kodi njokayo inayamba yafunsa kumene bambo ake amagwira ntchito? Nkhani imeneyo tinakangana nawo mpaka anavomera. Tumizani munthu."

Vuto linatsala limodzi. Mankhwalawo amaonongeka akatentha, ndipo dzuwa la tsikulo linali loti nkhuku zili kukamwa yasa. Bokosi lozizira la pachipatala linali litapita kumidzi ndi akatemera, kukampani nako lawo linali litatuluka.

Ndinaika kula yanga patebulo.

"Iyi imasunga chisanu mpaka madzulo. Mafiliziwo musachotse, ndi amene akuziziritsa."

A Lilian anapisamo dzanja, nkundipatsa kansalu. "Wopitayo akakulunge botolo, lisakhudze madzi oundawo."

Kunja kunali Feston wa njinga yamoto, amene tinali kalasi imodzi ndisanasiye sukulu. Ndinamumangirira kula ija ndekha.

"Ukadyako limodzi, ndidziwa."

"Iwe, mafilizi ako osalowa shugawo?"

Atanyamuka, a Sebastiano anaimbanso kunena kuti alonda a pageti auzidwa kale, Feston sakaimitsidwa. Kenako anaimbanso kufunsa ngati mwana akupuma bwino. Munthu woti Pempho sanamuonepo.

Feston anafika ali mbuu ndi fumbi, botolo lili lozizira bwino. A Lilian analumikiza diripi, nkutenga cholembera kujambula mzere pansi pa bondo, pomwe kutupa kunalekeza.

"Kukadutsa apa, mundiitane."

Ndinakhala pansi, maso ali pamzerepo. Dzuwa linapendeka, kutupa kuli pomwepo. A Sebastiano ataimbanso, Chichewa chinandithawa, ndinangothokoza m'Chisena cha kwa amayi anga.

"Takhuta, baba."

Pempho anatsegula maso, nkuyang'ana mwendo wake.

"Amayi, wandilemba ndani? Si ine."