Mkazi Mnzanga Wamapiko

Foni inalira m'thumba la jekete la malemu, ndipo mkazi wa malemuyo ndi mwana wawo anaima ndi mbale m'manja.

Jeketelo linali litabwezedwa pamsomali kuseri kwa chitseko, pomwe mwiniwake ankalikoloweka kuti akaitanidwa asamachite kufunafuna. Maliro anali atatha, abale atabalalika. M'nyumba munatsala mayi ndi mwana wawo woyamba, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Chisamba ngakhale tsopano anali ndi ana akeake.

"Isiyeni ilire," anatero Chisamba. "Aitane mpaka atope. Munthuyo anamumaliza kale."

Mayi anapukuta manja n'kukaitenga. Anamvetsera kwa kanthawi, akungoti "eya, eya", kenako anathokoza n'kudula.

Bambo ake a Chisamba ankayendetsa kandege ka kampani, konyamula mabwana ndi aliyense wokachita hayala. Ndege zikuluzikulu zili ndi nthawi yake yonyamukira, koma kameneka kankauluka bwana akangofuna. Foni ikalira, kaya ali patebulo, kaya ali kutchalitchi, bambowo ankanyamuka. Imfa inawapeza m'chipinda cha hotela mumzinda wina wakutali, atavala kale yunifomu, akudikira bwana kuti atsirize msonkhano. Mtima unangoima.

"Ndi a Nsungwi, aja ankauluka nawo limodzi," mayi anatero. "Akuti mabwana alola kuti mawa atiulutse pang'ono, tizungulire n'kubwerera."

"Ndiye mwavomera?"

"Ndavomera."

Chisamba anaika mbale mwamphamvu. "Amayi, pa ukwati wanga bambo anachoka keke isanadulidwe. Mdzukulu wawo woyamba anamuonera pafoni. Inu munachitidwa opaleshoni iwo ali kunja kwa dziko, akudikira munthu wosewera gofu. Lero atipepese ndi kutikweza ndege ngati ana?"

"Sindikupitira kupepesedwa ayi," anayankha mayi. "Zaka zonsezi ndagawana mwamuna ndi mkazi mnzanga yemwe sindinamuonepo nkhope. Ndikufuna ndikamuone. Ngati ndi wonyansa ndikaseke, ngati ndi wokongola ndikadziwe chomwe ndinkaluzira."

Chisamba anafuna kuseka, koma anadzigwira.

"Sindinakwerepo ndege, mwanawe," anawonjezera mayi motsitsa mawu. "Ndikuopa. Undiperekeze."

M'mawa mwake a Nsungwi anawalandira pageti ya bwalo la ndege. Anali munthu wamtali zedi, ndipo dzinalo anawapatsa ndi malemuwo. Anawalowetsa m'chishedi chachikulu chonunkha mafuta, chosesedwa mwakuti munthu akanatha kudyera pansi. Amakaniko anasiya zitsulo, anavula zipewa n'kuima chete mpaka mayi atadutsa.

Ndegeyo inali panja, yoyera mbee, dzuwa likusewera pamapiko ake. Mayi anaizungulira pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo, ngati mpongozi woyendera mtengwa. Anaigwira pamphuno.

"Ndiwe iwe eti," anatero. "Aa, koma ndiwe wosalala. Palibe chomwe ndikanachita."

A Nsungwi anawerama polowa, nakhala pampando wakumanja. Wakumanzere anaulozera Chisamba.

"Uwo ndi wa a Kaputeni. Ine lero sindikhalapo. Khalani inuyo, achemwali, koma musagwire kanthu."

Chisamba anakhala. Mpandowo unali utafwifwa kumbali imodzi, pomwe chigongono cha bambo ake chinkatsamira. Mayi anakhala kumbuyo kwake, ndipo onse anavala mahedifoni kuti azimvana.

Injini inabangula. Msewu wa ndege unayamba kuthamanga pansi pawo, udzu wa m'mbali unasanduka mzere umodzi wobiriwira, kenako phokoso la matayala linangoti zii. Dziko linawasiya. Mayi anagwira phewa la Chisamba mpaka zikhadabo kulowa.

"Mayo ine! Magalimoto aja asanduka nyerere!"

Analowa mumtambo, ndipo kunja kunada ngati utsi wa nkhuni zaziwisi. Ndege inagwedezeka, mayi anayamba kupemphera mokweza. Mwadzidzidzi anatulukira pamwamba.

Pansi pawo mitambo inayala ngati munda wa thonje wopanda malire, ina itaunjikana ngati mapiri, ina itang'ambika n'kuonetsa mtsinje wonyezimira kutali pansi. Thambo linali lobiriwira mwa mtundu womwe Chisamba anali asanauonepo, lakuya, loyera ngati langotsukidwa kumene. Chithunzithunzi cha ndegeyo chinkathamanga pamitambo, chitazunguliridwa ndi kautawaleza kobulungira. Pemphero la mayi linathera panjira.

"Ndiye kuno ndi komwe ankagwira ntchito?" anafunsa mayi monong'ona.

"Kuno ndiye ku ofesi kwawo, amayi," anayankha a Nsungwi.

"Ine ndinkangoti ali m'chitini, akutopa." Mayi anatembenukira kwa a Nsungwi. "Bwanji sankandiuza?"

"Ankati pakamwa sipakwanira. Komanso ankachita manyazi. Ankati munthu sungafike pakhomo, mkazi wako wachezera ndi mwana wodwala, iwe n'kuyamba kusimba za mitambo."

Chisamba anayang'anabe kutsogolo. Zinamukwiyitsa kuti malowo anali okongola chonchi.

"Ndiuzeni zoona, a Nsungwi. Akanapatsidwa mwayi, akanasiya?"

A Nsungwi anakonza kabatani kena asanayankhe. "Ndikati ankadana nayo ntchitoyi, ndikunamizani. Ankaikonda kwambiri. Kawiri konse analemba zoti asiye, kawiri konse anang'amba okha. Tsiku la ukwati wanu, woyendetsa wina anadwala, ndiye anaitana iwo. Akanatha kukana. Sanakane. Tinauluka ulendo wonse osandiyankhula, duwa la ukwati lidakali pachifuwa. Titatera anandiuza kuti, 'Nsungwi, mwana uja sadzandikhululukira, ndipo adzakhala akulondola.'"

Chisamba anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Sanadziwe ngati mawuwo anamupepuza kapena anamulemetsa.

Anayamba kutsika. Mitambo inatseguka, mzinda unabwerera: misewu, mabwalo a mpira, madenga osawerengeka ofanana onse ngati mamba a nsomba. A Nsungwi anayankhula pawailesi ndi a pansanja yoyang'anira ndege, kupempha kudzera mbali ya kumadzulo. Liwu la mayi wina linayankha, kenako linawonjezera mofatsa kuti, "Njira ya a Kaputeni. Dutsani."

"Ankaipempha nthawi zonse kukakhala kotheka," anatero a Nsungwi. "Tayang'anani kumanzere, kupitirira sukulu iyo."

Ndege inapendekeka pang'ono. Pakati pa madenga otuwawo panali kadontho kamodzi kachikasu, kowala ngati dzira loswedwa.

"Thanki yathu!" anafuula mayi.

Inalidi thanki yawo ya madzi. Chaka chilichonse bambowo ankakwera okha pamakwerero kukaipaka penti wachikasu wobaya m'maso, osalola wina aliyense, osafotokoza chifukwa. Anansi ankaitchula kuti dzungu. Chisamba ali mtsikana ankachita nayo manyazi, mpaka ankauza anzake kuti ndi ya eni nyumba akale.

Tsopano ankaona zonse: mtengo wa mapeyala, chingwe choyanikira zovala, ndi kanthu kakang'ono kofiira koyendayenda pabwalo, komwe kanali mwana wake wamkazi atavala juzi.

"Ankadziwa ngati mwachapa," anatero a Nsungwi. "Ankadziwa ngati galimoto ya adokotala yaima pageti. Tsiku lina anati, 'Mayi akunyumba akwiya, ayanika zovala zawo zokha.' Ndipo tikafika pamwamba penipeni pa nyumbayi, kaya kumbuyoku kwakhala bwana wamkulu bwanji, ankagogoda pagalasipo n'kunena kuti, 'Odi kuno.' Maulendo ena tinkangodutsa, tikupita kwina, osafika n'kunyumba komwe. Ankagogodabe. Poyamba ndinkaseka. Kenako ndinazolowera kukhala chete kuti odiyo amveke."

Kadontho kachikasu kaja kanali kakulowa pansi pa phiko. Chisamba anayang'ana galasi la pambali pake. Anakweza dzanja, anapinda chala, n'kugogoda.

"Odi kuno," anatero.

M'mahedifoni munamveka kupuma kwa mayi ake, kenako liwu lawo, lomwe lija la pakhomo, la munthu amene manja ali m'madzi koma wamva kuti wabwera ndani.

"Lowani, bambo. Chitseko n'chosakhoma."