Utsi Wosowa Potulukira

Amayi anachoka pakhomo mwezi umene ndinkalemba mayeso omaliza. Sanakangane ndi bambo. Anangolongedza zovala ndi mankhwala awo a mphumu, n'kupita kwa mayi aang'ono, ati akapumeko mpweya wabwino. Khitchini yathu inali ndi zenera limodzi lokha, ndipo linamatika ndi penti ine ndili wakhanda.

Bambo si munthu wopepesa ndi pakamwa. Anaitana amisiri, anagwetsa makabati akale, n'kumanga tebulo lophikirapo pakati penipeni pa khitchini, la mwala wosalala, mbaula ili pamwamba pake. "Asamatifulatirenso akamaphika," anatero. Ine ndinkaziona kale m'maganizo: amayi akulowa, dzanja pakamwa, bambo akuwalandira chikwama, ine ndikulira mobisa kuseri kwa chitseko.

Chinatsala n'chokoka utsi, chopachika kudenga pamwamba pa mbaula. Amayi anali atavomera kudzationa Loweruka, choncho Lachinayi tinathamangira kusitolo ndi mmisiri wamkulu, wa pensulo kukhutu.

Wogulitsa anationetsa ziwiri. China chinali chachitsulo, chachikulu ngati bafa lozondoka, chofuna paipi yotulukira kunja. Chinacho chinali chagalasi, chozungulira, cha timagetsi tonga nyenyezi.

"Tengani bafalo," anatero mmisiri. "Pakati pa chipinda palibe khoma lotchinga utsi, umabalalika. Pamafunika chachikulu kuposa mbaula, chotaya utsi kunja. Chagalasichi chimangosefa, mpweya n'kubwerera m'maso mwanu momwemo."

"Bafalo mumaliza liti?" ndinafunsa.

"Kuboola denga si kuboola khutu, mwanawe. Sabata yamawa."

"Loweruka ndi mkuja! Bambo, mukufuna amayi apeze chibowo kudenga? Munthu angabwerere kwa mwamuna wake chifukwa cha bafa?"

Mmisiri anaseka. "Achikondi inu mudzatipha."

Bambo anayang'anitsitsa galasi lija, kenako anandifunsa motsitsa mawu, "Achikonda, eti?"

Ndinati achikonda.

Loweruka amayi anafika masana atavala diresi lawo lobiriwira. Anasisita mwala uja, anakweza maso kuona timagetsi. "Koma ndiye mwagwira ntchito, bambo ake." Bambo anangokanda m'mutu ngati mnyamata wofunsira.

Amayi anathira mafuta m'chiwaya, n'kuponyamo anyezi ndi tsabola. Ndinadina batani. Makina analira bwinobwino. Utsi unakwera, unazungulira galasi, kenako unatsika pang'onopang'ono n'kutikuta tonse atatu. Amayi anatsokomola. Anatsokomolanso, atagwira m'mphepete mwa tebulo. Ndiye miyendo inawatengera kumene inazolowera, kuzenera. Anakankha. Silinasunthe. Amisiri anali atalipakanso penti yatsopano, yoyera mbee.

Anaima pomwepo atatifulatira.

"Zaka zonsezi ndinkapempha chiyani, bambo ake?"

Bambo anazimitsa mbaula.

Tinadyera pakhonde. Amayi anandifunsa za zotsatira za mayeso, anati ndaonda, anandikonza kolala. Chikwama chawo sichinachoke pamiyendo. Dzuwa lisanapendeke anadzuka, ati mabasi amavuta madzulo. Ndinawaperekeza mpaka pokwerera, ndikufunafuna mawu okoma oti ndiwabweze nawo, koma onse amene ndinaloweza m'mabuku achikondi anandithawa.

Nditabwerako ndinapeza bambo m'khitchini, akupala penti ya pazenera ndi mpeni wosendera mbatata. M'nyumba munkanunkhabe anyezi wopserera. Sanatembenuke.

"Zimitsa tinyenyezi takoto," anatero. "Mawa ukamuuze mmisiri abwere ndi bafa lija."

"Nanga amayi abweranso liti?"

"Sananene."

Ndinatenga mpeni wina n'kuyamba kupala mbali inayo.