Velo Pakhoma la Chisakasa

Mlungu umenewo mudzi wonse wa pachilumbapo unkayenda ukumwetulira, kupatula Rannvá. Kuno kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, Okutobala ndi mwezi woti mphepo yozizira ya kunyanja izikwapula makutu, koma kunja kunali bata, kukufunda, madoda atavula majuzi n'kumamwa khofi pakhonde ngati kuli phwando. Zamkutu! Rannvá ankangomva chinthu chimodzi, kulira kwa ntchentche.

M'chisakasa chake munali mutapachikidwa nyama ya nkhosa zomaliza zimene malemu mwamuna wake, Hergeir, anaweta. Nyama yotere sathira mchere, sawamba pamoto. Imauma yokha ndi mphepo yozizira yolowa m'mipata ya matabwa. Kukafunda, ntchentche zimaikira mazira, kenako mphutsi zokhazokha. Ndipo imeneyi inali ya paukwati wa mwana wawo, Sunneva.

Tummas, mng'ono wake wa malemuyo, anatsamira mpanda, kapu ili m'manja.

"Alamu, tsitsani nyamayo muiponye mufiriji. Pamsinkhu wanuwo mukulimbana ndi ntchentche?"

"Ya mufiriji mukadye nokha, alamu," anayankha Rannvá. "Mwana wa Hergeir sangadyetse alendo nyama yochucha madzi ngati wa m'tauni. Ndakana ine."

Atalowa m'chisakasamo, momwe Hergeir ankakhalitsa mpaka fungo la nyama kumamukakamira pajuzi, anapeza timazira toyera pa mwendo umodzi. Mtima unamuwawa, misozi inalengeza, koma inali misozi ya mkwiyo. Anaudula mwendowo n'kuutaya kutali, kenako ananyamuka liwiro kupita kunyumba. Anathothola makatani onse opyapyala, a pabalaza ndi a kuchipinda omwe, n'kuyamba kuwakhomera pamipata ya chisakasa kuti ntchentche zisalowe. Bulangete kapena nsalu yokhuthala sizikanathandiza, chifukwa zikanatsekereza ndi mpweya womwe.

"Iii, ndiye mudzi wonse uzikuonani mukuvala!" anatero Tummas akuseka.

"Aone. Akakhuta abwere adzandigwirire makwerero."

Makatani anatha, khoma loyang'ana kunyanja lidakali pululu. Rannvá anafufuza nyumba yonse. Nsalu yopyapyala yotsala inali imodzi yokha, mubokosi pansi pa bedi: velo imene anavala iye pokwatiwa, yomwe ankasungira Sunneva. Anaima nayo m'manja kanthawi ndithu. Anaopa, inde anaopa kuti mwanayo adzamuda. Koma ntchentche ina inamulira pakhutu, ndipo anatola hamala.

Tummas ataona chimene chinali kukhomedwa, kuseka konse kunatha. Anaika kapu pansi n'kugwira makwerero.

Masiku otsatirawo Rannvá sanachoke pachisakasa. Ankaunguza mwendo uliwonse, kuununkhiza, kuupukuta, anzake akuothera dzuwa. Mlungu ukutha mphepo inabwerera ndi mvula yake, mudzi wonse ukudandaula, iye yekha akuseka pakhomo. Nyama inapulumuka.

Sunneva anafika pasitima yapamadzi ya Loweruka kuchokera kutauni, n'kupeza velo ili patebulo, yachikasu, m'mphepete muli mabowo a dzimbiri.

"Ndine ndachita zimenezi, mwanawe," anatero Rannvá. "Ndiichapa, ndiisoka. Ikakanika tipeza ina."

Sunneva anayandikira patebulopo. Anainyamula veloyo, kuiyang'ana, kenako anaiika kumaso n'kukoka mpweya. Anakhala choncho nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka.

"Musaichape, amayi," anatero. "Ili ndi fungo la juzi ya ababa."