Njira ya ku Mpopi

Mu Ogasiti wa 1976 Edwell Nkhoma analibe mpata ngakhale wometa ndevu. Mbiri inali itamveka yakuti bwalo la fumbi la pakati pa makomboni a Matero ndi George aligawa maploti, pokhapokha eni ake ataonetsa kuti lili ndi ntchito. Bwana woona za maploti anati abwera yekha Loweruka lomaliza la mweziwo kudzaona.

Edwell anali wowotcherera zitsulo, mwana wa mtchona wa ku Dedza, ndipo bwalolo ndi limene anathyokerapo zala zakuphazi ali mwana. Anatulukira nzeru: magolo a mapaipi, ozula ndi kubwezera, kuti makomboni awiriwa azisinthana bwalo limodzi, anyamata mpira wamiyendo, atsikana wamanja. Podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, anajambula zonse papepala n'kuyamba kuzungulira nalo.

Koma ndiye anayenda munthu uja! Anafika kwa a Sampa, kaputeni wa timu ya George, munthu wokonda mkangano kuposa mpira. "Golo yanu iyangana ku zuba, ba Edwell, kipa wanga azaona bwanji?" anatero a Sampa. Edwell anafufuta, najambulanso kuti golo isayang'ane kudzuwa. Atcheya a chipani a mbali zonse ziwiri anafuna mipando kutsogolo, anawalembera. Abusa anakana za Lamlungu m'mawa, aphunzitsi anapempha Lachitatu, mwini tavani anangofuna mpira uzitha dzuwa lisanalowe. Pepala linachita kubooka ndi kufufuta.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sanamufunse. Amayi otunga madzi pa mpopi wa kuseri kwa bwalo anali ndi mtsogoleri wawo, mayi Sophia, ndipo mayi Sophia anali amake a Elesi, mkazi wa Edwell. Mkamwini woleredwa bwino sayang'anana ndi apongozi. Zaka zisanu ndi zitatu Edwell akawaona panjira ankapatuka, n'kunjuta, maso pansi. Tsono akanawayalira bwanji pepala pamiyendo? Anadzinyenga yekha kuti apongoziwo adzamvera kwa atcheya.

Loweruka linafika. Mizere analemba ndi phulusa, magolo anaima chilili, anthu anadzaza mpaka pachulu. Bwana wa maploti anakhala pampando, kabuku m'manja. Edwell, woyimbira mpirawo, analiza wezulo 3 koloko yeniyeni.

Imeneyo inalinso nthawi imene madzi ankabwera ku mpopi, kwa maola awiri okha. Ndipo njira ya ku mpopi, chiyambire kombonilo, inkadutsa pakati penipeni pa bwalo.

Mpira usanatenthe n'komwe, unatulukira mdipiti wa amayi, zidebe kumutu, ana kumsana. Analowa pa kona ya Matero osacheuka.

"Ba Edwell, lizani iyo whistle!" anakuwa a Sampa. "Bachoseni aba bazimai!"

Edwell anathamanga, wezulo ali pakamwa. Atatsala mapazi khumi anaona amene anali patsogolo: apongozi ake. Miyendo yake inachita zimene inazolowera: inapatuka, ndipo woyimbira ananjuta pa mzere wa phulusa, maso pansi. Phwete lake linamveka mpaka ku msika. Osewera anaima manja m'chiuno. Opita ku mpopi asanathe, obwerera anali atayamba kale, ndipo ndani angagunde mayi wosenza madzi?

Bwana uja anadikira theka la ola, kenako anatseka kabuku. "Iyi ni njila, si ground," anatero, nakwera galimoto.

Lolemba zikhomo za maploti zinakhomedwa. Edwell anazula magolo ake yekha, nawasenza mmodzimmodzi mpaka kunyumba. Pa ulendo wachinayi anapeza Elesi akuyanika zovala, ndipo anaponya paipi pansi.

"Bamai bako banipaya, Elesi. Pa banthu bonse!" anatero, kutanthauza kuti apongozi amupha ndi manyazi.

Elesi anamaliza kufinya malaya, kenako anamuyang'ana. "Bamai banakambilana kale-kale na bazimai bonse," anatero. "Benze banavomela kuti pa nthawi ya mpila bazazungulila ku church, ngati mwabapempha. Mwezi wonse nikayenda kuja benze kunifunsa ati, 'Bamuna bako bakutuma chani?' Ine nenze kuyankha ati, kulibe."