Zilembo za Pakhoma la Adokotala

Matenda a shuga anayambira kumapazi, kenako anakwera m'maso. Adokotala anandionetsa chithunzi cha m'kati mwa diso langa lamanja. Timitsempha tatsopano tinali titamera paliponse ngati udzu wa m'ngalande.

"Timeneti n'tosalimba, bambo," anatero. "Timachucha magazi, n'chifukwa chake mukuona utsi. Pali mankhwala atsopano obaya m'diso amene tikuwayesa. Sindikulonjeza kuti agwira. Komanso timatenga okhawo amene maso awo afooka ndithu. Tikuyezeni kaye."

Ine ndine wolemba zikwangwani. Ndalemba pamashopu, pamagalimoto, pamipanda ya sukulu. Yanditsalira ntchito imodzi. Dzina la mkazi wanga pamwala wa pamanda lasuluka ndi dzuwa. Mwana wanga wamkazi ankafuna kuitana wolemba wina. Ndinakana.

Namwino ananditseka diso lamanzere n'kuloza zilembo za pakhoma. Ndinawerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Anatsitsa kandodo kake. "Agogo, mwabwera kudzatiyesa ife? Maso amenewa mungayendetse nawo ndege."

"Anesi, musawamvere," anatero mwana wanga. "M'mawa uno athira tiyi patebulo, kapu ili apo ikuwayang'ana. Dzulo anapereka moni kwa jekete lopachika pachitseko."

"Linali jekete laulemu," ndinatero.

"Ababa!"

Adokotala anakoka mpando n'kukhala pafupi nane. "Bambo, zilembozo mukuziona?"

"Ndikuzidziwa."

"Sindinafunse zimenezo."

Ndinayang'ananso zilembo zija. Pakhomapo panali madontho otuwa okhaokha. Koma munthu amene wakalambira pa bulashi safunika kuchiona chilembo. Dontho lolemera kumanzere ndi E. Lopanda kanthu pakati ndi O. Lotakata pamwamba, lowonda pansi, ndi T. Sindinkanama. Ndinkagwira ntchito yanga.

"Mukapitiriza kukhoza chonchi, sitingakubayeni," anatero adokotala.

"Zili bwino," anatero mwana wanga, akutola chikwama. "Tiyeni kunyumba. Mawa ndikaitana bambo olemba zikwangwani aja a pafupi ndi siteji."

"Aja S wawo amagwa chagada?"

"Omwewo."

"Pa dzina la amayi ako?"

"Nanga nditani? Inu mukuona bwino, koma mwala simuupeza."

Ndinauza namwino kuti tibwereze.

"Munene chokhacho chimene chaima bwinobwino, agogo. Zolosera ayi."

Mzere woyamba ndinauwerenga. Wachiwiri ndinalekeza pakati. Pa wachitatu chilembo chinafika palilime chokha. Ndinachimeza.

"Sindikuona."

Mawu amenewo ndinali ndisanawanenepo kwa munthu aliyense. Mwana wanga anabweza chikwama pansi.

Adokotala ananditenga kuti ndiyambe mankhwala aja. Anandidonthezera mankhwala ochititsa dzanzi, n'kuika kachitsulo koletsa kuphethira. Singano sinapweteke monga ndinkaganizira. Ndinkabwerera mwezi ndi mwezi, ndipo pakhoma paja ndinkanena zoona zokhazokha, ngakhale tsiku limene zinthu zinabwerera m'mbuyo. Timitsempha tina tinafota. Utsi sunathe wonse, ndipo adokotala akuti akuyang'anabe. Koma zilembo zinasiya kusungunuka.

Kumanda tinapita m'mawa, dzuwa lisanatenthe mwala. Ndinagwada, n'kuupukuta fumbi. Mwana wanga anagwira chitini cha penti.

"Ababa," anatero, "mukuona, kapena mukudziwa?"

"Gwira chitinicho bwino."

Pa chilembo chachiwiri panali kamng'alu kakang'ono, kowonda ngati tsitsi. Ndinakazungulira ndi nsonga ya bulashi, n'kupitiriza.